Mmene tinapezera ndalama zokonzera denga la tchalitchi chakale kuno ku America, steti itadula bajeti

Lachitatu lapitali ndalama zomaliza zalowa mu akaunti ya mpingo. A msungichuma ananditumizira uthenga ndili pa shifiti ya usiku, ndipo nditauwerenga ndinakakhala kaye pa mpando wa m'khonde, mtima uli myaa, ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndausenza zaka zitatu. Denga lasiya kudontha, amisiri talipira, ngongole tabweza. Ndati ndilembe zinthu zisanayambe kuiwalika, chifukwa kuno mipingo yambiri ya ife ochokera ku Africa ikupemphera m'matchalitchi akale amene eni ake anachepa kapena anasamuka, ndipo madenga amenewa ndi okalamba onse.

Chathu ndi cha njerwa zofiira, chomangidwa m'zaka za m'ma 1890. Chili ndi nsanja ya belu, denga lake ndi la sileti, miyala yopyapyala yonga ija makolo athu ankalembapo kusukulu. Mpingo wake unali utatsala ndi agogo achizungu owerengeka, ndiye ife a ku Malawi, Zambia, Congo ndi Liberia tinabwera n'kudzaza mabenchi. Ine anandisankha kukhala mlembi wa komiti yoona za nyumba. Madzi anayamba kulowera mbali ya kum'mawa, pamwamba penipeni pa pomwe pamakhala kwaya. Tinayamba ndi kutchera ndowa imodzi. Pofika chisanu chachiwiri ndowa zinali 7, pulasitala wa kudenga atafufuma n'kuchita mawanga, ndipo Lamulungu lina chibenthu chachikulu ngati mbale ya nsima chinagwera pa benchi pomwe pamakhala ana. Mwamwayi anali atatuluka kupita ku kalasi yawo. Tsiku limenelo ndi limene abusa anati, "Mayi mlembi, kafufuzeni ngati boma limathandiza nyumba zakale."

Limathandiza, koma choyamba imbani foni musanachite china chilichonse. Steti iliyonse, ndiye kuti chigawo cha America chokhala ndi boma lakelake, ili ndi ofesi yosamalira malo ndi nyumba zakale, State Historic Preservation Office, anthu amangoti "shipo". Maofesi amenewa anabwera ndi lamulo la 1966, National Historic Preservation Act, limene anasaina Pulezidenti Lyndon B. Johnson, ndipo lamulo lomwelo ndi limene linakhazikitsa kaundula wa dziko lonse wa malo a mbiri, National Register of Historic Places. Ine ndinangowerenga pa intaneti kuti thandizo lambiri limafuna nyumba yoti ili m'kaundulamo, basi n'kuyambapo kusonkhanitsa mbiri ya tchalitchi kuti tikachilembetse. Foni sindinaimbe. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndinalidyera ku ofesi yosunga zikalata za malo ya kaunti, dera longa distirikiti ya kwathu.

Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Ndinapempha tchuthi chosalipidwa, ndinatuluka ku ntchito 7 koloko m'mawa osagona, n'kuyendetsa galimoto pafupifupi ola lathunthu. Ndinkafuna zikalata zonse za umwini wa malowo kuyambira pomwe anagulidwa koyamba. Pa windo loyamba anandiuza kuti ndipite pansi. Pansipo anandiuza kuti zimene zili m'kompyuta ndi za zaka zaposachedwa, zakale zili m'mabuku. Mabuku aja ndinawapeza, akuluakulu, olemera ngati thumba la simenti latheka, ndipo ndinakhala maola awiri ndikutsatira chikalata chimodzi chimene chimaloza ku chinzake cham'mbuyo. Nditafika pa buku lenileni limene ndinkalifuna, pa shelefu panali pululu. Nditafunsa, mkulu wina anandiyankha osadzutsa n'komwe mutu kuti mabuku akale kwambiri anawasamutsira ku nyumba ina yosungira katundu, ndipo amafunika kuwaitanitsa kudakali masiku atatu. Zimenezi pa webusaiti yawo panalibe. Ndinali nditawerenga tsamba lonse usiku wake, panalibe. Ndinati chabwino, mundipatse makope a zimene ndapezazi. Kujambula ndi foni anakaniza, kope lililonse n'lolipira, ndipo khadi salandira, koma ndalama zenizeni kapena cheke. Ndinatuluka kukasaka makina a banki, pobwerera ndinapeza windo latsekedwa, apita ku nkhomaliro. Atatsegula, anati kope lokhala ndi chidindo amasainira munthu mmodzi yekha ndipo lero sanabwere. Ndinakhala m'galimoto misozi ili chuchuchu, osati chifukwa cha mapepala okha ayi, koma malipiro a tsiku lonse anapita, tulo sindinagone, ndipo madzulo ake ndinayenera kukalowanso shifiti. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti chiganizo chimodzi chokha pa webusaiti chikanandipulumutsa, ndipo ndikudziwa kuti sindinali woyamba kubwezedwa chonchi.

Ndinabwererako kachiwiri patatha sabata ziwiri. Ndinatha miyezi itatu ndikusanja mbiri. Kenako ndi pamene ndinaimba ku ofesi ya zakale ija. Anayankha mayi wina wodekha, ndinamupatsa adiresi, ndinamva akugogoda pa kompyuta, ndipo pasanathe mphindi zisanu anati tchalitchi chathu chili kale m'kaundula. Dera lonse la misewu yozungulira linalembetsedwa pamodzi kalekale ngati dera la mbiri, ndipo nyumba yathu inawerengedwa m'gulu la zimene zimapatsa deralo mbiri yake, iwo amati contributing. Nyumba yotere imayesedwa yolembetsedwa. Ndinangoti kakasi, foni ili kukhutu. Ndiye ndikubwereza, imbani foni kaye, mufunse zinthu ziwiri: kodi nyumba yathu ili m'kaundula payokha, kapena ili m'dera lolembetsedwa, ndipo ngati ili m'dera, kodi ndi contributing?

Amene yanu ilibe m'kaundula, njira yake mayi uja anandifotokozera. Nthawi zambiri nyumba iyenera kukhala yoposa zaka 50, mumalemba fomu ya 10-900, imakaunikidwa ndi komiti ya steti imene imakumana kangapo kokha pa chaka, kenako imapita ku National Park Service, nthambi ya boma yosamalira mapaki ndi malo a mbiri, komwe woyang'anira kaundula ali ndi masiku 45 oti agamule. Tchalitchi sachilemba chifukwa cha chiphunzitso chake, amayang'ana kamangidwe kake kapena zimene zinachitikapo m'mbiri. Mapu akale a Sanborn, amene makampani a inshulansi ya moto ankagwiritsa ntchito, ambiri ali pa webusaiti ya Library of Congress, laibulale yaikulu ya dziko, ndipo kuwaona n'kwaulere, mumaona nyumba yanu mmene inalili, ngakhale zomangira zake. Komanso akulu a mpingo muwakhazike mtima pansi. Athu ena ankaopa kuti boma litilanda tchalitchi. Kulembetsa sikusuntha umwini, ndipo pa lamulo la boma lalikulu la dziko lonse sikukuletsani kuchita zimene mukufuna ndi ndalama zanu. Malamulo amayamba kukugwirani mukalandira ndalama zawo, kapena ngati mzinda wanu uli ndi malamulo akeake a dera lakale.

Mayi yemweyo ndi amene anatiuza za thumba la steti yathu, ndalama za msonkho wa steti zimene chaka ndi chaka zinkagawidwa kukonzera madenga, makoma ndi mawindo a nyumba zolembetsedwa. Anati tikonzekere, mafomu amatuluka bajeti ikadutsa. Tinakonzekeradi. Tinajambula zithunzi, tinaitana amisiri kudzaona, abusa analengeza kutsogolo kuti thandizo lili m'njira. Masteti ambiri chaka chawo cha ndalama chimayamba pa 1 July, ndipo pafupifupi onse lamulo limawakakamiza kuti zolowa ndi zotuluka zilingane. Ndalama zikapelewera, aphungu sathamangira kudula misewu kapena ndende, amayamba ndi tinthu tating'ono timene akudziwa kuti anthu sakachita zionetsero. Bajeti itatuluka, pa mzere wa thumba lathu lija panalembedwa 0. Sanalithetse, dzina lilipo mpaka pano, koma mulibe kanthu. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndalama zake zinali zochepa zedi poyerekeza ndi bajeti yonse, koma kwa mipingo, timalaibulale ndi timanyumba ta mbiri ta m'matauni aang'ono, ndizo zinali chiyembekezo chokha. Denga likadontha chaka chimodzi chowonjezera, madzi amafika pa mitanda, ndipo mtengo wokonzera sukhalanso womwe uja. Si ife tokha. Ku Michigan anachotsa chikhululukiro cha msonkho wa steti kwa okonza nyumba zakale mu 2011, chinadzabwerera kumapeto kwa 2020 koma chili ndi malire a $5 miliyoni pa chaka steti yonse. Nayo pulogalamu ya boma lalikulu yothandiza malo a mbiri ya Save America's Treasures inakhala yopanda ndalama kuyambira 2011 mpaka 2016.

Ndinaimbiranso mayi uja mawu akunjenjemera. Anandilola kulankhula mpaka nditatha, kenako anati pali khomo lina. Boma lalikulu lili ndi thumba lotchedwa Historic Preservation Fund, linakhazikitsidwa mu 1976. Ndalama zake sizichokera ku msonkho wa pa malipiro athu, zimachokera ku zimene makampani okumba mafuta ndi gasi m'nyanja amalipira boma, ndipo kwa zaka zambiri lamulo linkati $150 miliyoni zizilowamo chaka chilichonse, ngakhale kuti zotulukamo amagamula ndi a Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse. Steti iliyonse imalandirako gawo, koma iyenera kuikapo zake: boma lalikulu 60 pa 100, steti 40. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti steti ikadula bajeti imadzibaya kawiri, chifukwa zimene ikanaphatikiza kuti ilandire za ku Washington nazo zimachepa. Pa gawo limene steti yalandira, zosachepera 10 pa 100 ziyenera kupita ku mizinda ndi makaunti amene ali ndi komiti yovomerezeka yosamalira zakale, amati Certified Local Government. Mzinda wathu ndi umodzi mwa imeneyi, chinthu chimene palibe aliyense mu mpingo ankachidziwa.

Kudzera ku mzinda tinapeza thandizo loyamba, laling'ono, lolipira katswiri wa nyumba zakale kuti aunike tchalitchi chonse n'kulemba lipoti. Ntchitoyo inali $12,000, iwo $7,200, ife $4,800. Akulu ena anadandaula kuti tikuwononga ndalama pa pepala pamene denga likudontha. Ndinawamvetsa, koma lipoti limenelo ndi limene linatsegula makomo onse otsatira. Aliyense amene tinakamupempha ndalama, funso loyamba linali lakuti muli ndi lipoti la katswiri? Ndiponso linatipulumutsa: amisiri awiri anali atatiuza kuti tisasule sileti yense tiike zofolerera zamakono, pamene katswiri uja atakwera anapeza kuti miyala yambiri ndi yabwinobwino. Chinawola ndi misomali, malata a m'makona momwe madenga awiri amakumana, ndi mipope yotsitsa madzi.

Tsopano nkhani ya kampani ina imene inatidyera ndalama, imene ndikaikumbukira mtima umachita kuwira. Kuti mulandire ndalama zochokera ku boma lalikulu mumafunika nambala yotchedwa UEI, ya zilembo ndi manambala 12, imene inalowa m'malo mwa nambala ya DUNS mu April 2022. Imatengedwa pa tsamba la boma la SAM.gov ndipo ndi yaulere. Yaulere, abale anga. Kulembetsa n'kwaulere, kukonzanso chaka ndi chaka n'kwaulere. A msungichuma athu ndi bambo achikulire, okhulupirika, oti akawerenga chopereka sasiya ngakhale senti. Anakasaka pa intaneti, chimene chinabwera pamwamba chinali tsamba lokhala ndi mbendera ndi chiombankhanga, looneka ngati la boma. Anasiyapo nambala ya foni, ndipo mawa lake anaimbiridwa ndi munthu wolankhula mwaulemu amene anawauza kuti akachedwa mpingo utaya mwayi wa thandizo. Analipira $1,195 ya mpingo. Mawu oti iwo si boma analipo, m'munsi mwenimweni mwa tsamba, timalemba toti munthu wa zaka zawo sangatione popanda magalasi awiri. Ndalama imeneyo inali ya amayi amene anakazinga mandasi ndi samusa Loweruka lonse. Nditawafotokozera, bambo aja anavula chipewa n'kunena kuti, "Mayi, ndabetsa ndalama za Mulungu, ndibweza za m'thumba mwanga." Komiti inakana, chifukwa wolakwa sanali iwo. Tinalemba makalata atatu opempha kuti atibwezere, anatiyankha kuti ntchito anagwira. Ntchito yake inali kutitumizira mndandanda wa mapepala oti tisonkhanitse tokha. Adiresi ya tsamba ikapanda kuthera ndi .gov, tsekani. Wina akakutchulirani mtengo wa kulembetsa kumeneku, dulani foni.

Chowonjezera kuwawa, tinadzamva pambuyo pake kuti poti ndalama zathu zinkadzera ku steti ndi ku mzinda, panthawiyo tinkangofunika nambala yokhayo ya UEI. Kulembetsa kwathunthu kumafunika mukamapempha mwachindunji ku boma lalikulu kudzera pa Grants.gov. Funsani amene akukupatsani ndalama kuti akufuna chiti.

Ndipo ngakhale titalipira, kulembetsako kunaima sabata 6 chifukwa cha dzina. Mpingo wathu unapezeka kuti uli ndi mayina atatu. Pa chikalata cha malo pali dzina lakale la amene anamanga, ku IRS, bungwe lotolera msonkho, kuli dzina limene anasintha zaka zapakati, ku banki ndi pa chikwangwani cha panja kuli limene timadzitchula lero. Makina safuna kumva mbiri, amafuna dzina ndi adiresi zifanane chilembo ndi chilembo. Bokosi la ku positi salilandira ngati adiresi ya malo. Chinatithandiza ndi kuimba ku IRS n'kupempha kalata ya 147C, imene imaonetsa dzina lenileni limene lili pa nambala yathu ya msonkho ya EIN, kenako tinakonza mapepala ena onse kuti atsatire limenelo. Pomwepo funsaninso za kalata yotsimikiza kuti ndinu bungwe losapanga phindu, iwo amati 501(c)(3). Matchalitchi kuno salipira msonkho ngakhale asanapemphe kalatayo, n'chifukwa chake ambiri alibe, koma mabungwe opereka ndalama amaifuna. Ife tinagwiritsa ntchito ya likulu la mpingo wathu imene imaphimba mipingo yake yonse.

Ndaiwala kunena za simenti, ndipo izi zinachitika kale, tisanaitane katswiri. Pali achimwene ena mu mpingo amene kumudzi anali mmisiri womanga, munthu wa mtima wabwino. Ataona kuti m'mizere ya pakati pa njerwa mwakokoloka, anagula matumba a simenti ndi ndalama zawo n'kumata khoma lonse la kum'mawa kufika pomwe makwerero anafika. Tonse tinawathokoza kutsogolo. Katswiri atabwera anagwira khoma lija n'kupukusa mutu. Njerwa za nthawi imeneyo ndi zofewa, zinamangidwa ndi laimu wosakaniza ndi mchenga, amene amalola chinyontho kutuluka. Simenti ndi yolimba kuposa njerwazo, ndiye madzi amatsekeredwa m'kati mwa njerwa, chisanu chikabwera amaundana, nkhope ya njerwa n'kuyamba kusendeka. Anandionetsa ndi chala, njerwa zina zinali zitayamba kale kufumbutuka ngati chigumu chouma. Ndinakumbuka tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi njerwa zoumba ndi kuotcha pomwepo, cha msinkhu umodzi ndi chathuchi, ndipo ndinayamba kuziona njerwa zakale ndi maso ena. Ntchito iliyonse yolipidwa ndi ndalama zimenezi imatsata malamulo 10 otchedwa Secretary of the Interior's Standards for Rehabilitation, ndipo mtima wake ndi wakuti chimene chingakonzeke chikonzedwe, chisachotsedwe, ndipo choikapo chatsopano chifanane ndi chakale. Simenti ija inayenera kugobedwa ndi manja, mzere ndi mzere. Kukawauza achimwene aja inali ntchito yovuta kuposa fomu iliyonse. Ndinapita ndi abusa kunyumba kwawo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali, ngati ndi choncho ndiphunzitseni za laimuzo." Anagwira limodzi ndi amisiri mpaka khoma linatha.

Makomo ena tinagogoda n'kupeza kuti si athu. Chikhululukiro cha msonkho wa boma lalikulu cha 20 pa 100 ya ndalama zokonzera ndi cha nyumba zopanga ndalama, monga mashopu ndi nyumba za lendi, ndipo kuyambira lamulo la msonkho la 2017 chimatengedwa pang'onopang'ono kwa zaka 5. Mpingo wosalipira msonkho sungapindule nacho pawokha. Save America's Treasures inabwerera mu 2017, koma imafuna malo a mbiri yokhudza dziko lonse, ndipo dola iliyonse yawo muikepo yanu. Ku National Park Service kulinso thandizo la malo okhudza kumenyera ufulu kwa anthu akuda, African American Civil Rights, limene silikakamiza kuti muikepo zanu, ndipo bungwe la National Trust for Historic Preservation lili ndi pulogalamu ya Preserving Black Churches imene inayamba ndi $20 miliyoni zochokera ku bungwe lachifundo la Lilly Endowment. Zimenezi zimayang'ana mbiri ya anthu akuda a kuno pa malowo. Ife ndife akuda, koma mbiri ya nyumba yathu ndi ya anthu ena, ndiye sitinafune kudzikakamiza pa mbale ya eni ake. Amene mukupemphera m'tchalitchi chimene chinamangidwa ndi anthu akuda a ku America, musazilekerere. Funsaninso ngati steti yanu imalola ndalama za boma kupita ku nyumba yopempherera. Boma lalikulu linatsegula khomo mu 2003 pamene Old North Church ya ku Boston inalandira thandizo, koma ku New Jersey khoti lalikulu la steti linagamula mu 2018 kuti thandizo la kaunti ya Morris ku matchalitchi linkasemphana ndi malamulo a stetiyo.

Thandizo lenileni la denga linachokera ku gawo lomwe lija la Historic Preservation Fund limene ofesi ya steti yathu imagawa mopikisana pa ntchito zomanga. Mbali ya kum'mawa, malata a m'makona, mipope ndi khoma zinakwana $96,000, theka iwo, theka ife. Pa $48,000 yathu, bungwe lina lachifundo la mumzinda mwathu linapereka $25,000 litaona lipoti lija, yotsalayo tinasonkha tokha. Tinachita Pepa Sande katatu, a ku Congo anakonza madzulo a nyimbo, agogo achizungu aja analembera makalata ana a anthu amene anabatizidwira m'tchalitchimo, ndipo macheke anabwera kuchokera kutali kwa anthu amene sitinawaonepo. Mapulogalamu ena amawerengera maola a anthu odzipereka ngati gawo la zanu, choncho ikani pepala pakhomo, aliyense wogwira ntchito alembe dzina, tsiku, maola ndi chimene wachita.

Koma musakhomere ngakhale msomali umodzi mgwirizano usanasainidwe ndi mbali zonse ziwiri. Ife atatiuza kuti tasankhidwa, chisanu chinali pafupi, ndiye tinalipira $6,300 kuti atseke malo oipitsitsa. Tinkaganiza kuti iwerengedwa ku gawo lathu. Sanaiwerenge, chifukwa inachitika tsiku la mgwirizano lisanafike. Pamenepa sindikwiyira munthu, zinalembedwa, ndipo denga silikanadikira. Ndikungofuna mudziwiretu kuti ndalama yotere ndi yanu, muisonkhe padera. Amisiri nawonso simungangotenga wodziwana naye, pamafunika kulengeza ntchito n'kusunga umboni wa mitengo imene ena anatchula, ndipo odziwa sileti ndi ochepa, wathu tinamudikira miyezi 4.

Panalinso pangano lolembedwa pa chikalata cha malo, lakuti kwa zaka 10 tidzasamalira nyumbayo ndipo sitidzasintha maonekedwe ake popanda chilolezo cha ofesi ya zakale. Kutalika kwa zaka kumadalira kuchuluka kwa ndalama. Pa msonkhano wa mpingo panali phokoso, achinyamata ankafuna tsiku lina kudzachotsa mawindo amatabwa n'kuika apulasitiki osalowa mphepo. Mkulu wina wa ku Zambia anaimirira n'kunena kuti walira mvula walira matope, ndipo tinavota kuvomera. Polembetsa panganolo dzina lakale lija linatulukiranso, moti panafunika loya kuti alembe chikalata chosonyeza kuti mpingo wa pa chikalata cha malo ndi womwewu. Makope a chidindo amene ndinawavutikira ku kaunti aja anagwira ntchito pamenepa pokha.

Chomaliza chimene sitinachimvetse bwino poyamba n'chakuti ndalama zimenezi sakupatsani m'manja. Mumayamba mwalipira amisiri, kenako mumatumiza malisiti, makope a macheke mbali zonse ziwiri, zithunzi za ntchito isanayambe, ili mkati ndi itatha, ndiye iwo n'kukubwezerani gawo lawo. Tinakongola ku thumba la ngongole la likulu la mpingo wathu poganiza kuti tibweza m'miyezi iwiri. Ndiye inafika 2025. Ndalama za chaka chimenecho zopita ku maofesi a zakale m'masteti zinachedwa kutuluka ku Washington kwa miyezi ingapo, pempho la bajeti ya 2026 lochokera ku White House, kwa pulezidenti, linkafuna kuchotsa pafupifupi thumba lonselo, ndipo maofesi ena, monga ya ku Ohio, anachotsa antchito. Yathu, imene steti inali itaifinya kale, inasiya kulemba anthu m'malo mwa ochoka. Tsiku lina ndinatumiza imelo kwa mayi uja, inabwerera ndi uthenga woti sagwiranso ntchito kumeneko. Sindinamutsanzike, sindinamuthokoze mokwanira, munthu amene ankandiyankha ngakhale funso lomwe ndafunsa kale kawiri. Mafayilo ake anapita kwa mnyamata wina amene anali ndi ntchito ya anthu atatu. Sindimuimba mlandu. Mapepala athu anakhala pa mzere miyezi 7, chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi. Chinatithandiza n'chakuti chilichonse ndinali nditachisunga pawiri, m'kompyuta ndi m'fayilo ya pepala, moti atapempha kachiwiri zithunzi zimene zinasowa pa kusinthana kuja ndinatumiza tsiku lomwelo.

Nsanja ya belu idakalipo, lipoti likuti isapitirire zaka zitatu isanakonzedwe. Pa imeneyi tikukonzekera kupempha ku National Fund for Sacred Places, thumba limene linayamba mu 2016, loyendetsedwa ndi Partners for Sacred Places a ku Philadelphia pamodzi ndi National Trust. Iwo amafuna kuona kuti nyumba yopempherera ikutumikira anthu a m'dera, osati mamembala okha, choncho tayamba kulemba chiwerengero cha mabanja amene amadzatenga chakudya Lachinayi ndi ana amene amabwera kudzathandizidwa za kusukulu m'chipinda chapansi. Nakonso adzafuna kuti tiikepo zathu. Komiti yagwirizananso kuti nyumba ya malamulo ya steti ikadzayamba kukambirana bajeti, tidzapita anthu asanu kukaonana ndi phungu wa dera lathu, titanyamula chibenthu cha pulasitala chija, chimene ndinachisunga m'katoni.

Kulembetsa kwathu kwa pa SAM.gov kumatha pakapita masiku 365, ndipo kampani ija yayamba kale kutumiza maimelo kwa a msungichuma, a zilembo zofiira, oti nthawi yatha alipire msanga. Dzulo anandiimbira kundifunsa ngati ndi enieni. Ndawauza kuti asayankhe ngakhale imodzi. Loweruka likubwerali ndipita kwawo ndi laputopu, tikakonzenso tokha.